Maginito a kwa achimwene



Amene mwaphunzira Fizikisi kwa ine kuyambira 2023 mukukadziwa kachitsulo kakuda kaja kamene ndimatulutsa m'chikwama tikafika pa mutu wa maginito. N'kotalika ngati chala changa chapakati, kophwatalala, kokutidwa ndi mphira, ndipo kali ndi timabowo tiwiri ta masikuluwu. Ndimakamata pa felemu yachitsulo ya zenera n'kuuza mnyamata wodzimva mphamvu m'kalasimo kuti akazule ndi zala ziwiri. Amalephera, anzake n'kufa nalo phwete. Chaka chilichonse pamapezeka wofunsa kuti, "Aphunzitsi, munakagula kuti?" Ine ndimangoti kanachokera ku Joni, tiyeni tipitirize. Si bodza ayi, koma ndi theka chabe la nkhani. Theka linalo landikhala pakhosi nthawi yaitali, ndiye lero ndilavule.

Kachitsulo kameneka sanakapangire ana asukulu. Anakapangira kupachikapo mfuti. Ku America ndi ku South Africa amagulitsa timaginito totere kwa anthu ofuna kuti mfuti izikhala pafupi ndi dzanja. Amakakhomera kunsi kwa tebulo, kuseri kwa chitseko, m'mbali mwa bedi, ena m'galimoto pafupi ndi bondo la dalaivala. Chitsulo cha mfuti chimamatirira pamenepo, ndipo mwini wake akaifuna amangoisolola, osatsegula kalikonse, osafunafuna kiyi. Mphira uja ndi woti mfuti isakalike. Palibe loko, palibe chophimba pamene chala chimakhethemulira. Ntchito yake ndi imodzi basi, kufupikitsa nthawi.

Awiri otere anafika kwa achimwene anga pa Khirisimasi ya 2022. Anabwera nawo ndi mwana wawo wachiwiri, amene ena a inu munakhala naye kalasi imodzi, ndiye dzina sinditchula. Amagwira ntchito ya ulonda ku Johannesburg. Anabweretsa bulangeti la mayi ake, foni ya mlongo wake, ndipo kwa bambo ake anapereka kaphukusi kakang'ono kolemera modabwitsa. Mwanayo anachita zimenezi ndi mtima wabwino, ndipo ndikufuna zimenezo zimveke kaye ndisanapitirire.

Achimwene amalima fodya wa bale kum'mawa kwa boma la Kasungu, mukapatuka mumsewu wopita ku Nkhotakota. Ndi kuchidikha kuja kumene ukaima pachulu umaona phiri la Kasungu lili lokhalokha ngati mlendo. Si esiteti yaikulu. Pali zigafa zinayi, ngolo, ng'ombe zingapo, ndi mabanja awiri owathandiza kumunda. Mfuti ali nayo kuyambira kale, shotigani ya mpope umodzi, yothyola pakati polowetsa chipolopolo. Ili ndi mapepala ake onse, ndipo chiphaso amakakonzetsanso kupolisi monga lamulo la mfuti la dziko lino limafunira. Malemu bambo athu anali ndi gogodela yothira onga kukamwa, yoopsezera nguluwe ndi anyani. Achimwene anagula yawoyi chifukwa cha anthu.

Inu a m'tauni mwina simungamvetse mantha a mlimi wa fodya, ndiye ndifotokoze pang'ono. Ntchito imayamba ndi nazale dzuwa likuswa mtengo, kenako kuokera mvula ikagwa, feteleza wangongole, kuthyola, kusoka, kupachika pa mikangala, kusankha, kudinda mabelo ndi jeke. Miyezi yonseyi ndalama imangotuluka. Msika umatsegulidwa cha mu Epulo, ndipo mpaka belo litafika ku okushoni ya Chinkhoma kapena Kanengo, chuma chonse cha banja chimakhala chikulendewera m'chigafa chopanda khoma, chofoleredwa ndi udzu ndi pulasitiki. Belo limodzi limalemera makilogalamu 100 kapena kuposerapo pang'ono. Mu 2021 akuba a zikwanje anamanga mlonda wa achimwene ndi chingwe cha ng'ombe n'kunyamula mabelo asanu odindadinda. M'mawa tinangotsatira mapazi a ngolo mpaka pamene anakweza pa galimoto. Ngongole ya feteleza sinabedwe nawo limodzi. Inatsala, ndipo anaidula pa mabelo otsalawo.

Komanso achimwene ndi a m'badwo umene unaona mfuti zikuyenda m'dziko muno ngati katundu wa pamsika. Nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, ma AK-47 ambiri anadutsa malire. Mu Disembala 1993 asilikali analanda zida za a Payoniya pa Operation Bwezani, ndipo ena a iwo anathawa ndi zida zawo. Zaka zotsatira, mawu akuti "akuba a mfuti" anasanduka a tsiku ndi tsiku pa wailesi. Amene anakhalako pa njala ya 2002, imene inakantha Kasungu koopsa, akukumbukanso zimene zinkachitikira munthu wogwidwa ndi chimanga chachiwisi cha eni ake. Kumadzulo kwa boma, kufupi ndi paki, kuli mantha a mtundu wina: mu 2022 anasamutsira kumeneko njovu 263 kuchokera ku Liwonde, ndipo kuyambira pamenepo anthu a mbali zonse ziwiri za malire a Malawi ndi Zambia ataya mbewu, ena miyoyo. Ndamvapo alimi a kumeneko akusirira shotigani, ngakhale shotigani kwa njovu n'kungoiputa dala. Ndikutchula zonsezi kuti musawatenge achimwene ngati munthu wokonda mfuti. Ndi munthu wamantha, ndipo mantha akewo ali ndi pochokera.

Maginito asanabwere, mfuti inkakhala m'thiranki yachitsulo kunsi kwa bedi, yokiya ndi loko. Kiyi ankakhala ndi alamu, pa kachingwe ka m'khosi. Zipolopolo zinkakhala kwina, m'chitini cha mkaka pamwamba pa wodilopu. Dongosolo limeneli sanalitenge m'buku. Linangobadwa lokha pamene ana anali ang'onoang'ono, ndipo linakhala choncho. Usiku wa mabelo asanu uja achimwene anamva agalu, koma mmene amati adzutse alamu, apeze kiyi, akoke thiranki, akwere pampando kufuna chitini, ngolo inali itapita. Nkhani imeneyi ankaibwereza pa maliro, pa ukwati, paliponse. Mwana wawo anaimva mpaka inamulowa m'mafupa, n'chifukwa chake anagula timaginito tija.

Apa ndi pamene ine ndikulowera m'nkhaniyi, ndipo mbali yangayi si yonyaditsa.

Anandiitanitsa monga katswiri wa banja. "Mphwanga, iwe ndiye wa sayansi. Tiuze, kanthu aka kangagwire mfuti osagwa?" Aphunzitsi anzanga mukudziwa mmene mtima umakomera munthu akakufunsa funso la m'phunziro lako kunja kwa kalasi. Zaka zonsezi ndakhala ndikuphunzitsa maginito ndi timipiringidzo tiwiri totha mphamvu timene sitinyamula ngakhale msomali wa mainchesi anayi. Tsono m'manja mwanga munali maginito enieni a neodymium. Ndinayamba kulalikira pakhonde pomwepo. Ndinawauza kuti mtundu umenewu anautulukira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ku Japan kudzera mwa Masato Sagawa ndi ku America ku kampani ya General Motors, aliyense payekha. Amasakaniza neodymium, chitsulo ndi boron. Ndi omwewo ali m'masipika a foni ndi m'mamota a galimoto zamagetsi, ndipo ambiri amapangidwa ku China. Ndinawonjezanso, monyadira, kuti miyala yokhala ndi neodymium ili pansi pa nthaka yathu yomwe ino, ku Kangankunde m'boma la Balaka ndi ku phiri la Songwe ku Phalombe. Achimwene anangoti, "Ndamva. Koma kagwira kapena sikagwira?"

Tinatenga sikelo yopachika imene amayezera chimanga n'kuyesa. Kukoka molunjika, kuchoka pa chitsulo, muvi wa sikelo unadutsa makilogalamu 12 maginito asanalekerere. Kukoka chotsetsereka, cham'mbali, analekerera muvi usanafike pa 5. Ichi ndi chinthu chimene ana ambiri amalakwa pa mayeso: maginito amakaniza kuzulidwa, koma kutsetsereka kumaletsedwa ndi kukhulana kwa zinthu ziwirizo basi, ndipo mphamvu imeneyo ndi yochepa. Mfutiyo inkalemera makilogalamu atatu ndi kanthu. Ndinalangiza kuti agwiritse ntchito onse awiri pa mpope, popeza thako la mfuti ndi lamtengo ndipo maginito alibe nalo ntchito. Ndinawatsimikiziranso kuti kutentha kwa pansi pa malata sikungawafooketse, chifukwa amtunduwu amayamba kutha mphamvu akadutsa madigiri 80. Ndine ndinasankha thabwa, ndine ndinagwira sikuludiraiva. Tinakhomera kumutu kwa bedi, mbali ya achimwene, kuseri kwa katani.

Kenako ndinachita chimene mphunzitsi wa sayansi sangalephere kuchita: ndinatulutsa foni n'kuyeza nthawi. Titatseka mazenera kuti mukhale mdima, njira yakale ya kiyi, thiranki ndi chitini inatenga mphindi ziwiri ndi masekondi 40. Njira yatsopano, mfuti ili ndi chipolopolo kale, inatenga masekondi anayi. Ndinalemba manambala awiriwa kuseri kwa kalendala ngati zotsatira za ntchito ya mu labu. Achimwene anaseka mpaka kutsokomola. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno," anatero, "wapachala ngwamphepo."

Alamu anaima pakhomo nthawi yonseyi, manja atapinda. Iwo sukulu analekezera Sitandade 6, ndipo pa nkhani za amuna awo sakonda kuyankhula pali anthu. Koma tsiku limenelo anandifunsa. "Alamu, inu ophunzira, mwayeza kuti bambo aitenga msanga bwanji. Nanga mdzukulu wangayu mwamuyeza?" Pakhomopo pamakhala kamnyamata ka mwana wawo wamkazi, nthawi imeneyo ka zaka zisanu ndi chimodzi, kokwera paliponse ngati pusi. Ndinayankha mwa ukatswiri kuti mwana wa msinkhu umenewo sangazule mfuti pa maginito awiri. Ndinaiwala dala zimene ndinali nditangoyeza kumene, kuti cham'mbali sipafunika mphamvu zambiri. Ndinaiwalanso kuti mwana safunika kuizula. Ikhoza kulira ili pomwepo pakhoma, bola chala chifikepo. Tinagwirizana kuti chipinda chizikhala chokiya masana. Alamu sanayankhe. Anangopita kukapakula nsima.

Miyezi iwiri ndi theka inadutsa bwinobwino. Achimwene ankati akugona tulo tabwino kuposa zaka zonse.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anasakaza kummwera. Mukukumbuka zithunzi za ku Chilobwe ku Blantyre, ndi midzi ya ku Mulanje ndi Phalombe imene inakwiririka ndi matope ndi miyala yochokera m'mapiri. Anthu mazanamazana anafa, ena sanapezeke mpaka lero. Kuno ku Kasungu tinangomvera pa wailesi. Loweruka la sabata yotsatira ndinapita kwa achimwene kukatenga chimanga, mvula inandigwira, ndipo ndinagona konko pabalaza.

Cha m'ma 1 koloko agalu anayamba kuuwa, kenako anasiya msanga. Ndikanakhala woganiza ndikanazindikira kuti galu amasiya msanga chotero akamudziwa munthuyo. Koma palibe amene ankaganiza. Ndinangomva bedi kulira, chitseko kutseguka, ndipo achimwene anandidutsa ali chifuwa pamtunda, opanda nsapato, mfuti ili m'manja. Sanandione n'komwe. Ndinatola tochi n'kuwathamangira. Kunja kunali mdima wandiweyani, kukuwaza mvula yamawawa. M'chigafa chachiwiri munkamveka tsekeretsekere wa fodya wouma. Munali munthu, chithunzithunzi chabe, manja ali m'mwamba akutsitsa mkangala.

Achimwene sanafunse kuti ndani. Ndinamva chitsulo chikuti "tcha!" Kenako zii.

Mmene ndimayatsa tochi, kuwala kunagwera pa nkhope ya mnyamata wa zaka 15, mwana wa banja limodzi la ogwira ntchito pamundapo. Anali atavala juzi ya yunifolomu, chifukwa ndi chovala chokhacho chofunda chimene anali nacho. Anali wa Fomu 2 pa sukulu yoyendera ya kufupi ndi kumeneko, ndipo masana a tsiku lomwelo anali atandifunsa za masamu a ma fulakishoni. Pansi panali mikangala itatu ya fodya ndi thumba. Anakodza pomwepo ali chiimire. Achimwene anathyola mfuti ija pakati, manja akunjenjemera, n'kuunika ndi tochi yanga. Mumpope munalibe kanthu.

Alamu ndi amene ankachotsa. Usiku uliwonse kuyambira pa Khirisimasi, amuna awo akapita kukasamba, ankalowa, kuthyola mfuti, kuchotsa chipolopolo n'kuchiika m'thumba la chitenje, n'kuibwezera pa maginito. M'mawa achimwene akatuluka kukayendera zigafa ankachibwezeramo, kuopa kuti angazindikire, chipinda n'kukiya. Miyezi iwiri ndi theka, osaphonya tsiku. Anaphunzira kuthyola mfuti pongoonerera.

Za mnyamatayo zinamveka m'mawa. Banja lawo ndi lochokera ku Phalombe, monga alili ambiri ogwira ntchito m'minda ya fodya kuno, amene amachokera m'maboma a kummwera kosowa malo olima. Agogo ake aakazi anali asakupezeka chichitikireni namondwe, ndipo mayi ake ankalira usana ndi usiku kufuna kupita. Bambo ake anapempha achimwene kuti awapatseko ndalama ya thiransipoti, adzadule pa malipiro. Achimwene anakana, osati mwankhanza, koma chifukwa mu Malichi mlimi wa fodya alibe ngakhale ya mchere. Lamulo la ntchito limene linasinthidwa mu 2021 linathetsa utenanti papepala, koma m'minda yambiri anthu ankalandirabe chimanga pang'onopang'ono n'kudikira malipiro fodya akagulitsidwa, ndipo kwa achimwene zinalinso choncho. Mwanayo anaganiza zokagulitsa fodya kwa mavenda pa tiredingi senta. Kunali kuba ndithu, sindikumuyeretsa. Koma anali fodya amene iye mwini anasoka ndi manja ake pa holide, ndipo mtengo wake sukanakwana ngakhale tikiti ya basi yofika ku Blantyre.

Mpaka lero ine ndi achimwene timasiyana pa chinthu chimodzi. Iwo amati analoza m'mwamba, kuti angoopseza. Ine ndinali kumbuyo kwawo, ndipo pamene tochi inayaka mpope sunali kuloza kudenga. Mwina anautsitsa atamva kuti sinalire. Ndasiya kuwatsutsa, chifukwa munthu ayenera kukhala ndi poti agonere. Koma nkhani yoti shotigani ikalira pa mtunda wa mapazi khumi imachita zotani pa chifuwa cha mwana, tonse awiri timaidziwa.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti m'mawa mwake achimwene anakalipira alamu. Anakalipa zenizeni, mpaka nkhuku kubalalika. "Bwanji akanakhala a zikwanje aja? Ndikanatuluka ndi ndodo m'manja ndikuyesa mfuti! Mukanandiphetsa inu!" Ndipo kunena zoona, mfundo anali nayo. Munthu wotulukira akuba ndi mfuti yopanda kanthu, iye osadziwa, ali pangozi kuposa amene watsala m'nyumba. Alamu nawonso anachita juga ndi moyo wa amuna awo. Iwo anangoyankha kuti, "Ndinasankha maliro amene ndingathe kulira, bambo." Sanawonjezere, ndipo achimwene anatuluka kupita kudimba mpaka madzulo.

Ine ndinabwerera kunyumba ndi chimanga changa, ndipo kwa masabata angapo manambala awiri aja ankandizungulira m'mutu. Mphindi ziwiri ndi masekondi 40 ndinaziwerenga ngati nthawi yotayika. Sindinadzifunse kuti m'nthawi imeneyo mumachitika chiyani. Mumachitika zambiri. Munthu amadzuka n'kukhala tsonga. Amayankhula ndi mkazi wake, chifukwa kiyi ali m'khosi mwa mkaziyo, ndipo mkaziyo amafunsa kuti kwagwanji. Amayatsa tochi kuti aone loko. Amamva kuti agalu asiya kuuwa. Mwina mkazi uja amakumbukira kuti mayi a kuseri akhala akulira sabata yonse. Aliyense amene anadzutsidwapo pakati pa tulo tofa nato akudziwa kuti miyendo imadzuka msanga kuposa mutu. Maginito anga anapereka mfuti kwa miyendo.

Pali ntchito ina imene timachita ndi ana m'kalasi, yogwetsa rula. Wina amagwira rula kumwamba, mnzake amaika zala kumunsi, ndipo ikagwa amaiwakha. Ambiri amaigwira itatsika masentimita 20, zimene zikutanthauza masekondi 0.2. Ndimawauza kuti umu ndi mmene thupi limachitira changu. Chimene sindinkawauza n'chakuti pa ntchito imeneyi mwana amakhala atadziwa kale kuti chikugwa ndi rula. Palibe choti asankhe. Kuzindikira nkhope mumdima, kulekanitsa wakuba wa chikwanje ndi mwana wa Fomu 2, ndi ntchito ina, ndipo imafuna kuwala ndi nthawi. Ogulitsa maginito amayeza yoyamba ija yokha. Inenso ndinayeza yomweyo.

Nditayamba kuwerenga za nkhaniyi ndinapeza kuti zimene alamu ankachita ndi thiranki ndi chitini cha mkaka, madokotala a ku America anazifufuza kale. Mu 2005 magazini ya zachipatala ya JAMA inasindikiza kafukufuku wa David Grossman ndi anzake. Anayang'ana zinthu zinayi: kukiyira mfuti, kuisunga yopanda chipolopolo, kukiyira zipolopolo, ndi kuzisunga malo osiyana ndi mfuti. Chilichonse mwa zinayizi chinkayendera limodzi ndi kuchepa kwa ana ndi achinyamata owomberana mwangozi kapena odzipha. Za kudziphazi aphunzitsi anzanga tisazilambalale. Tonse taonapo mwana amene zotsatira za MSCE zamusweratu mtima, kapena mtsikana amene wazindikira kuti ndi woyembekezera. Maganizo oterewa nthawi zambiri amabwera mwamphamvu n'kudutsa, ndipo zimene zili pafupi ndi dzanja pa ola limenelo zimalamula zambiri. Kwa alimi anzathu ngakhale mankhwala opopera fodya amafunika loko pa chifukwa chomwechi.

Chinanso chimene ndinapeza chinandiseketsa mowawa. Ku South Africa komwe kunachokera maginitowa, lamulo lawo la mfuti la chaka cha 2000 limafuna kuti mfuti imene sili pathupi pa mwini wake kapena m'manja mwake izikhala m'bokosi lachitsulo lokiya, lovomerezeka ndi boma. Ndi dziko lomwelo kumene pa 14 Febuluwale 2013 wothamanga uja Oscar Pistorius anawombera kanayi pa chitseko cha chimbudzi usiku n'kupha chibwenzi chake Reeva Steenkamp. Iye anati ankayesa wakuba. Khoti la apilo linamupeza wolakwa pa mlandu wakupha mu 2015, ndipo mfundo ina inali yakuti kaya kuseri kwa chitsekocho kunali ndani, anadziwa kuti akhoza kupha munthu. Nkhani imeneyo tinaitsatira mu sitafulumu ngati mpira, tikumatsutsana pa tiyi. Sindinaganizepo kuti tsiku lina ndidzakhomera ndekha thabwa lofupikitsa njira yomweyo kumutu kwa bedi la mbale wanga.

Nkhani ya mnyamata uja sinapite kupolisi kapena kwa amfumu. Achimwene anagulitsa mbuzi, mayi ake anakwera basi Lachiwiri. Agogo aja sanapezeke. Banjalo linamaliza nyengo, linalandira zake fodya atagulitsidwa, ndipo linabwerera kwawo. Mnyamatayo sanayang'anenso achimwene kumaso mpaka tsiku lonyamuka, ndipo ine sanandifunsenso za masamu.

Maginito ndinakawamasula ndekha pa holide ya Isitala. Achimwene sanandithandize, koma sanandiletsenso. Mfuti inabwerera m'thiranki, kiyi m'khosi mwa alamu, ndipo nthawi ino anagwirizana poyera kuti zizikhala choncho. Anagula magetsi a sola atatu oyaka okha munthu akadutsa, n'kuwaika pa zigafa. Anagulanso mawezulo, ndipo iwo ndi alimi anayi oyandikana nawo amasinthana kulondera kuyambira Febuluwale mpaka fodya atapita. Mwana wawo wa ku Johannesburg ndinamuimbira ndekha kumufotokozera. Anakhala chete nthawi yaitali pa foni, kenako anati, "Bambo aang'ono, ku ntchito kwathu mfuti timasainira potenga ndi pobweza, ndipo zipolopolo amawerenga. Sindikudziwa chifukwa chake ndinaganiza kuti kumudzi zisiyane."

Musaganize kuti zonse zinatha bwino ngati nthano. Mu Epulo 2024 akuba anabweranso. Magetsi anayaka, mawezulo analira, anthu anathamanga, koma belo limodzi linapita ndithu. Achimwene anafika pa chigafa ndi mfuti yawo akubawo atalowa kale m'chimanga. M'mawa anandiimbira 5 koloko isanakwane. Sanandipatse moni. "Mphwanga, belo lapita. Masekondi ako anayi aja akanakhalapo." Ndinalibe choyankha, ndipo sindikunama kuti ndili nacho lero. Belo limenelo linali fizi ya mdzukulu wawo wamkulu. Tinasonkha apa ndi apo, ine ndinaikapo ya mwezi umenewo yogulira matayala a njinga.

Maginito amodzi anatsala ndi alamu. Anawakhomera kukhitchini, pamwamba poti mwana sangafike, ndipo amamatapo mipeni ndi masingano osokera fodya. Akuti chiyambire sanatayenso singano. Enawo ndi aja a m'chikwama changa. Aphunzitsi a sayansi a m'sukulu zoyandikana nafe amene mwakhala mukuwabwereka, bwerekanibe, koma muziwabweza Lachisanu. Musawayandikize ku kampasi za mu labu chifukwa amazisokoneza mpaka kalekale, ndipo muziuza ana asaike chala pakati pa maginito ndi chitsulo. Teremu yatha mtsikana wina wa Fomu 1 anatuluka magazi pa chikhadabo, ndipo mayi ake anabwera kudzandiona.